Musanalipire mpando watsopano wa m'galimoto ya geni, ikani siponji pa sikelo

Mpunga ukayamba kumwetedwa m'chigwa cha Bwanje, kuyambira mwezi wa Meyi kupita m'tsogolo, magalimoto a anthu opikula amachuluka pa msewu wa M5 pakati pa Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Sikimu ya Bwanje yokha, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndipo imatenga madzi mu mtsinje wa Namikokwe, ili ndi mahekitala pafupifupi 800, ndiye mpunga wake ndi wokwanira kukoka anthu a ku Lilongwe, ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Balaka. Ambiri amabwera pa ma Hiace, ma Caravan, ma Vanette ndi ma Bongo omwe anachotsedwa mipando ya kumbuyo n'kutsala ndi umodzi kapena iwiri. Munthu wopikula sabwerera tsiku lomwelo. Amadikira kuti alimi apunthe, mpunga uume, matumba akwane, ndipo masiku awiri kapena atatu amatha akudyera, kuwerengera ndalama ndi kugona m'galimoto momwemo. Kulipira resitihausi kumadya phindu, pomwe kusiya katundu yekha usiku n'kuika mpamba pachiswe. Choncho mpando wotsala uja umakhala ndi ntchito zitatu: pa ulendo ndi mpando, masana ndi ofesi, usiku ndi bedi.

Mpando umenewu ndi umene tikambirane sabata ino, chifukwa ambiri ukayamba kuwapweteka msana amawononga ndalama kawiri.

Alendo a ku South Africa ndi ku Ulaya amene mumawaona akukhota pa Golomoti kulowera ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, pa zigalimoto zokhala ndi tenti padenga kapena kakhitchini m'kati, vutoli amalidziwa bwino. M'magalimoto awo ogonamo mumakhala sofa yomwe usiku amaitambasula n'kukhala bedi, ndipo nawonso amadandaula kuti siikoma kukhalapo, siikomanso kugonapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mpando wabwino umafuna kupendekera pang'ono kumbuyo, kukhala ndi kadzenje pokhalira ndiponso timapiri m'mbali togwira thupi pokhota. Bedi labwino limafuna kukhala lathyathyathya. Ukafuna kuti chinthu chimodzi chichite zonse ziwiri, mzere wolumikizira pokhalira ndi potsamira umagwera ndendende m'chiuno mwa munthu wogona. Iwo ali ndi madola ogulira ina. Inu ndalama yanu ndi yomwe ija yoti mugulire matumba ena awiri a Kilombero, ndiye tiyeni tione poyambira.

Mpando uli ndi zigawo zitatu: nsalu ya pamwamba, siponji ya m'kati, ndi felemu yachitsulo yokhala ndi masipiring'i kapena thabwa pansi pake. Diso limaona nsalu yokha. N'chifukwa chake munthu amapita kwa wokonza mipando n'kunena kuti, "Bambo, ndikutireniko mpandowu," wokonzayo n'kusoka nsalu yonyezimira pamwamba pa siponji yakufa, ndipo pakatha masabata atatu miyendo ikuchitanso dzanzi musanafike pa Masasa. Nsalu yong'ambika imachititsa manyazi koma siipweteka msana. Chopweteka chimakhala m'kati.

Musanapite kwa aliyense, fufuzani nokha. Dinikizani chibakera pakati pa pokhalira ndi mphamvu zanu zonse. Mukamva chitsulo kapena thabwa, kapena dzenje likachedwa kubwerera, siponji yatha. Pisani dzanja kunsi kwa mpando: pakatuluka ufa wachikasu ngati gaga, ndiye kuti yayamba kufumbutuka, ndipo palibe guluu amene angaidzutse. Kenako tembenuzani mpandowo muone masipiring'i. Nthawi zina siponji imakhala yabwinobwino koma sipiring'i imodzi yaduka kapena yaguluka pa ngowe yake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ola limodzi. Pomaliza gwirani potsamira mugwedeze. Pakamamveka "gwedegwede", yang'anani miyendo ya mpando pomwe yamangidwa pansi, chifukwa mwina vuto lakula kuposa la msana. Tibwereranso pamenepa.

Tsono nkhani ya siponji, yomwe ndi mutu wa zonse. Anthu ambiri pogula amaifinya ndi zala, ikakhala yolimba amati ndi yabwino. Kulimba ndi kukhalitsa n'zosiyana. Siponji ikhoza kukhala yolimba ili yatsopano koma m'kati mwake muli mphepo yokhayokha, ndipo yoteroyo imafwafwala msanga. Chomwe chimasonyeza kuti ikhalitsa ndi kulemera kwake poyerekeza ndi kukula kwake. Opanga amawerengera makilogalamu pa kiyubiki mita imodzi, ndipo nambala imene ogulitsa amatchula kuti "densite" ndi imeneyo. Ya matiresi otchipa imakhala ndi nambala yotsika, cha m'ma 16 kapena kucheperapo. Pa mpando wokhalidwa tsiku ndi tsiku funani ya 28 kupita m'mwamba. Potsamira mpomwe mungasungire ndalama poikapo yopepukirapo, poti sipasenza thupi lonse.

Vuto n'lakuti nambalayi siilembedwa pa chidutswa chimene mwadulitsa, ndipo wogulitsa aliyense amati yake ndi "hayi densite". Koma inu muli ndi chida chimene ogula ena alibe: sikelo ya mpunga ija, makamaka yolendewera ya manambala. Chidutswa cha masentimita 120 m'litali, 50 m'lifupi ndi 10 kuchindikala chimakwana 0.06 ya kiyubiki mita. Chikakhala cha nambala 16, chimalemera pang'ono kuchepera kilogalamu imodzi. Cha 28 chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.7, ndipo cha 32 chimayandikira makilogalamu awiri. Chimangeni ndi chingwe, chikolekeni, muwerenge. Wogulitsa akayamba kukwiya ataona sikelo, mwamva kale yankho.

Pamenepa pali nzeru ina ya pa msika. Musayerekeze mitengo ya siponji pa chidutswa, yerekezani pa kilogalamu monga mumachitira ndi mpunga. Tiyerekeze chabe kuti wina akukuuzani K20,000 pa chidutswa cholemera kilogalamu imodzi, ndipo mnzake akuti K30,000 pa chidutswa chofanana kukula koma cholemera makilogalamu 1.7. Woyambayo akukugulitsani pa K20,000 pa kilogalamu, wachiwiriyo pa ndalama yosafika K18,000. Amene amaoneka wodula ndiye wotchipa, musanawerengere n'komwe kuti yakeyo ikhalitsa. Mitengo yeniyeni muifunse tsiku lomwe mukugula, chifukwa mankhwala opangira siponji amachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Amene munagula matiresi kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukudziwa kuti mtengo wa chaka chatha suthandiza kanthu lero.

Sikelo nayo ili ndi malire ake. Pali siponji ina imene opanga amathiramo ufa wa miyala kuti ilemere. Yoteroyo mumaizindikira potsina kakona n'kukoka: imang'ambika mosavuta ngati buledi, ndipo imasiya fumbi m'zala. Yabwino imatamuka kaye isanaduke.

Pali mtundu wina umene ine ndimaukonda pa magalimoto a geni: siponji ya mawangamawanga, yopangidwa ndi tizidutswa tamitundumitundu tophatikizidwa ndi guluu n'kupanikizidwa. Ndi yolemera kwambiri, yolimba, ndipo siifwafwala wamba. Payokha ndi youma, munthu amamva ngati wakhala pa thumba la chimanga. Koma mukaika masentimita 5 kapena 6 a imeneyi pansi, n'kumata masentimita 4 kapena 5 a siponji yofewerapo pamwamba, mumapeza mpando woti thupi limalowa pang'ono koma silifika pa chitsulo ngakhale galimoto igwere m'dzenje. Okonza mipando odziwa ntchito amaidziwa njirayi, kungoti sakuuzani ngati simunafunse, poti imawachulukitsira ntchito. Kuno kudera la thonje ena amayesa kudzaza khushoni ndi thonje, enanso ndi mankhusu a mpunga omwe amangotayidwa pa chigayo. Pa khonde zimatheka. M'galimoto thonje limaumbika mabulumwa n'kusunga chinyezi, ndipo mankhusu amathawira m'mbali, inu n'kutsala pa thabwa.

Mukapeza kuti felemu ndi yabwino, kusintha siponji ndi nsalu ndiyo njira yotchipa, ndipo mpando umabwerera m'mabowo ake omwe. Felemu ikakhala yothyoka kapena yodyeka ndi dzimbiri, pali njira ziwiri: kugula mpando wa pa galimoto ina yophwasulidwa, kapena kuwotcheretsa watsopano.

Mipando yakale imapezeka kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto ku Biwi mu Lilongwe, ku Ndirande mu Blantyre, ndi m'magalaja ena a m'matauni. Musapite chimanjamanja. Yezani ndi tepi kukula kwa chitseko cha m'mbali, mpata wa pakati pa malinunda awiri a mateyala akumbuyo, ndi kutalika kuchokera pansi kufika kudenga. Kenako tengani chikatoni, chiyaleni pansi pomwe panali mpando, mubowole pomwe pali mabowo a mabawuti. Chikatoni chimenecho ndicho mupite nacho. Mpando wa Caravan sungolowa mu Hiace chifukwa choti onse ndi ma minibasi, ndipo wogulitsa akanena kuti "ukwana basi, akakuwotchererani", dziwani kuti ulendo wobweza katundu kuchokera ku Mtakataka mudzalipira ndinu.

Mpando wakale umabweranso ndi alendo. Funyululani misoko ndi m'mapindiro muyang'ane timadontho takuda ndi timazira toyera, zizindikiro za nsikidzi. Nsikidzi zimafa ndi kutentha, choncho thirani madzi owira m'misoko ndi m'makona a felemu, kenako kulungani mpandowo m'pepala la pulasitiki lakuda muusiye padzuwa masiku angapo mukuutembenuza. Dzuwa la kuno la mu Okutobala limathandiza, koma siponji yochindikala imateteza zomwe zabisala m'kati, ndiye bwerezani. Chimene musayerekeze n'komwe ndicho kuika m'galimoto mapiritsi ofukizira chimanga aja kuti aphe nsikidzi. Mpweya umene amatulutsa umapha munthu, ndipo galimoto yotseka mawindo ndi kachipinda kakang'ono kwambiri. Pa chifukwa chomwecho, musagone m'galimoto imene mwapakira matumba oikidwa mapiritsiwo. Mankhwala opopera thonje nawonso si a pa mpando wogonapo munthu.

Pali ena amene amadula njira: amanyamula sofa ya pabalaza, kapena mpando wa nsungwi wogula m'mbali mwa msewu, n'kuulowetsa m'galimoto. Pokhala poimika, inde ndi wofewa. Koma ganizirani msewu wa Khwekhwelere, kutsika kuchokera pa Masasa kupita ku Golomoti, makona okhaokha, dalaivala phazi lili pa buleki. Sofa yosamangidwa imayenda yokha pamodzi ndi amene wakhalapo. Mipando ya magalimoto kufakitale amaiyesa kuti ipirire mphamvu yowirikiza ka 20 kulemera kwake, chifukwa pa ngozi zinthu zimakankhika motero. Ndiye kuti sofa ya makilogalamu 30 imasanduka ngati makilogalamu 600, matumba 12 a makilogalamu 50, kulunjika kumsana kwa dalaivala. Matabwa ake okhomedwa ndi misomali sanapangidwire zimenezo, ndipo palibe pomangirira lamba.

Masamu omwewo muwagwiritsenso ntchito pa katundu. Matumba a mpunga osanjidwa kuseri kwa mpando amaukankha nthawi iliyonse mukaponda buleki, ndipo mipando yambiri ya ma Hiace a geni inathyoka potsamira chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa cha anthu. Ngati mukuwotcheretsa kale zitsulo, onjezerani ndalama pang'ono akuikireni chotchinga chachitsulo pakati pa katundu ndi mpando, chomangidwa pa thupi la galimoto. Mpando watsopano ukhalitsa, inunso mukhalitsa.

Tibwerere ku miyendo ya mpando ija. Amalonda ambiri a mpunga nyengo ina amatembenukira ku nsomba za ku Monkey Bay ndi ku Chipoka, ndipo madzi a nsomba ndi a ayisi amalowa pansi pa kapeti n'kudya chitsulo mwakachetechete. Chotsani kapetiyo mugogode pansi ndi sikuludiraiva mozungulira mabowo. Pakabooka kapena pakamasuka makoko a dzimbiri, pakonzedwe kaye, poti mpando wabwino womangidwa pa chitsulo chowola uli ngati chitseko cholimba pa nyumba yogumuka. Gwiritsani ntchito mabowo a kufakitale pomwe zingatheke, chifukwa kunsi kwake kunalimbitsidwa kale. Pofunika kuboola pena, lowani kaye kunsi kwa galimoto muone pomwe pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Mabawuti akhale a mamilimita 10, olembedwa 8.8 pamutu pake, osati a denga kapena a bedi, ndipo kunsi kuikidwe kachitsulo kafulati kokulirapo, kosachepera masentimita 5 mbali zonse, kuti bawuti asazuke ndi chitsulo chopyapyala cha pansi. Wowotcherera apangire felemu panja n'kudzaimanga ndi mabawuti. Akafuna kuwotcherera m'kati mwa galimoto, batire lichotsedwe ndipo siponji yonse itulutsidwe, chifukwa imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wapoizoni.

Muyeso wa mpando wowotcheretsa ndi umene amisiri ambiri amalakwitsa, poti amangoyerekeza ndi maso. Kuchokera pansi kufika pamwamba pa khushoni pakhale masentimita 40 mpaka 45, mutawerengera kuti siponji imatsika munthu akakhala. Kuchokera kutsogolo kwa pokhalira kufika potsamira pakhale masentimita 42 mpaka 48. Pakatalika kuposa apa, m'mphepete mwa mpando mumadinikiza kuseri kwa mawondo ndipo munthu amayamba kutsetsereka kuti apeze mpumulo, msana n'kupindika. Kutsogolo kukwere ndi masentimita awiri kapena atatu kuposa kumbuyo, ndipo potsamira pasaime chilili ngati khoma, papendekere pang'ono. Njira yachidule ndi iyi: felemu ikangogwiriziridwa, isanawotchereredwe yonse, ikanipo thabwa ndi siponji mukhalepo mphindi khumi pomwepo pa shedi. Kusintha pa nthawi imeneyi n'kwaulere.

Nanga za kugona? Apa ndinene maganizo anga mosabisa: musaukakamize mpando kukhala bedi. M'lifupi mwa Hiace m'kati ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, pomwe munthu wamkulu amafuna masentimita 180 kuti atambasule miyendo. Wogona chopingasa pa mpando amagona chopinda mawondo usiku wonse, kaya siponji ndi yodula bwanji, ndipo m'mawa amakatsutsana mitengo ndi alimi khosi lili louma. Mpando ukhale wa pa ulendo, womangidwa bwino, wokhala ndi malamba. Bedi likhale lapadera: thabwa la pulayiwudi la mamilimita 12 kapena 15, masentimita 180 m'litali ndi 60 kapena 70 m'lifupi, lodulidwa pakati n'kuikidwa mahinjesi kuti lizipindika, ndi makhushoni awiri a siponji yosachepera masentimita 10 kuchindikala. Usiku mumaliyala m'litali mwa galimoto, pansi kapena pamwamba pa matumba osanjidwa bwino, masana limaima m'mbali mutalimanga ndi chingwe. Thabwalo libooledwe mabowo angapo kuti mphepo izidutsa, apo ayi thukuta limaunjikana kunsi kwa khushoni n'kuchita nkhungu. Ndipo musaiwale neti. Udzudzu wa m'minda ya mpunga sufunsa kuti mwagona pa siponji ya nambala yanji.

Nsalu ya pamwamba musankhe malinga ndi katundu wanu. Rekisini, chikopa chabodza chija, amapukutika ndi kansanza konyowa ndipo salowa fungo la nsomba, koma kuno kotentha amawotcha galimoto ikaima padzuwa, amamata pathupi, ndipo wotchipa amasweka pakatha chilimwe chimodzi. Posankha, mutembenuzeni muone kunsi: wokhala ndi nsalu yolukidwa yochindikala ndiye wolimba. Kanivasi amapuma bwino ndipo amapirira kukhuzidwa ndi matumba, koma amamwa madzi. Kwa wa mpunga ndi nyemba yekhayekha, kanivasi ndi wabwino. Kwa wosakaniza ndi nsomba, rekisini, ndipo pamwamba pake muziyalapo chitenje chochapika. Mulimonsemo uzani telala aike zipi yaitali kumbuyo ndi timabowo totulukira mphepo kunsi, asoke ndi ulusi wa nayiloni. Zipi imeneyo ndi imene idzakulolani kusintha siponji yokha m'tsogolo popanda kulipiranso msoko.

Mbali ya malamulo ndi yaifupi koma imaluma. Chiwerengero cha anthu amene galimoto yanu iyenera kunyamula chinalembedwa m'mapepala ake ku Road Traffic, ndipo a COF ndi a inshulansi amayendera chomwecho. Kuwonjezera mipando, kapena kunyamula anthu olipira pa mabenchi odzipangira, kukhoza kukupezetsani chindapusa pa rodibuloko, ndipo pa ngozi a inshulansi akhoza kupezerapo chifukwa chokanira. Ngati mukusintha chiwerengero cha mipando, kafunseni kaye ku ofesi yawo. Mipando imene mwachotsa kuti mupakire katundu musaigulitse yonse ngati ikadali yabwino. Isungeni pouma pamodzi ndi mabawuti ake, chifukwa tsiku logulitsa galimotoyo wogula adzaifunsa, ndipo ikasowa adzakudulani mtengo woposa umene munaigulitsira.

Wothyoka uja ndiye musautaye. Eni mashedi ometera, a mavidiyo ndi a magolosale amagula mipando yakale ya minibasi yoika pakhonde, ndipo felemu yowonongekeratu imapita pa sikelo kwa ogula zitsulo. Kandalama kameneko kamachepetsako mtengo wa siponji.

Ntchito yonseyi ichitike mu Malichi kapena Epulo, mpunga usanache, pomwe galimoto ikhoza kuima masiku atatu osakutayitsani msika. Pogwirizana ndi wokonza mipando, siponji mukagule nokha kapena mupite naye limodzi, ndipo mtengo wa ntchito ya manja ukhale pawokha. Lipirani theka poyamba, theka linalo mutakhalapo. Musanamusiyire siponjiyo, lembani dzina lanu ndi cholembera chosafufutika pa mbali zake zonse, m'mphepete momwe simudulidwa, ndipo pokatenga mpando tsegulani zipi muone ngati dzinalo lilipo.